Kusowa kwa madzi m'minda: gwero lake ndi njira zosungira mvula m'nthaka

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa munda wa hekitala imodzi, pamakhala patathiridwa malita 10,000 a madzi. Madera ambiri olimidwa chimanga, monga zidikha za Lilongwe ndi Kasungu, amalandira mvula ya pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000 pa chaka, kutanthauza malita osachepera 8 miliyoni pa hekitala iliyonse. Chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 kuyambira pobzala kufikira pokhwima, malingana ndi mtundu wake komanso kutentha kwa dera. Pa masamu okha, madziwo ndi okwanira. Komabe mvula ikangodula sabata ziwiri mu Januwale, chimanga cha m'minda yambiri chimapinda masamba dzuwa lisanafike paliwombo.

Chilala chenicheni chilipo ndithu. Mu 1992 zokolola za chimanga m'dziko muno zinatsika ndi kuposa theka. Mu 2016 anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Koma m'zaka zambiri vuto la munda silikhala kuchepa kwa mvula. Limakhala lakuti mvula imagwa n'kupita osalowa pansi, ndipo yochepa imene yalowayo mizu imalephera kuifikira. Apa ndi pamene mlangizi ndi mlimi wotsogolera anzake angasinthe zinthu ndi khasu, chingwe ndi mapesi.

Kumene madzi a mvula amapita

Madzi ogwa pa munda amagawika panayi. Ena amathamanga pamwamba n'kukathera m'makhwawa, atanyamula dothi ndi feteleza. Ena amalowa pang'ono koma n'kuuma ndi dzuwa komanso mphepo. Ena amalowa mpaka kupitirira mizu, ndipo ndi amene amakadzaza zitsime, mijigo, akasupe ndi madambo m'chilimwe. Otsalawo ndi amene mbewu imamwa. Njira iliyonse yolimbana ndi kusowa kwa madzi m'munda cholinga chake n'chimodzi: kuchepetsa magawo awiri oyambawo kuti awiri omalizawo akule.

Zimene zimachititsa kuti madzi asowe

Choyamba ndi kagwedwe ka mvula. Pafupifupi mvula yonse ya chaka imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo yambiri imagwa yamphamvu m'maola ochepa. Mvula ya mamilimita 60 yogwa madzulo amodzi pa nthaka ya mbee imapindulitsa mbewu pang'ono kusiyana ndi mamilimita 60 omwewo ogwa mwa mvumbi masiku anayi. N'chifukwa chake chiwerengero cha mvula ya chaka chonse chimanamiza. Maboma a kumwera amene anasefukira madzi mu Januwale 2015 ndi omwenso anapsa ndi chilala chaka chotsatira, ndipo zinabwerezanso pamene namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anatsatidwa ndi ng'amba ya 2024. Madera ena, monga Chikwawa, Nsanje ndi mbali zina za Balaka, amalandira mvula yochepa kale ndipo kutentha kumaumitsa nthaka msanga.

Chachiwiri ndi nthaka yolimba ya pansi pa mizere. Chaka ndi chaka khasu limagumula mzere wakale n'kuunga watsopano, ndipo limafika pa kuya komweko. Mapazi a olima, opalira ndi obandira amapondaponda m'khwawa la mzere. Patapita zaka, pansi pa dothi lofewa la pamwamba pamakhala nthaka yothinana, youma gwa ngati njira ya kumjigo. Madzi akafika pamenepo amaima kapena kuyenda cham'mbali, ndipo mizu imakhota m'malo mopita pansi.

Kukula kwa vutoli kumaoneka bwino powerengera. Pa nthaka imene imasunga mamilimita 100 a madzi omwe mbewu ingamwe pa kuya kwa mita imodzi, chimanga cha mizu yothera pa masentimita 20 chili ndi nkhokwe ya mamilimita 20 okha. Pa nyengo yomasula ngayaye, dzuwa likamawomba, chimanga chimamwa mamilimita 5 kapena kuposa pa tsiku, choncho nkhokweyo imatha m'masiku anayi. Mizu itafika masentimita 80 pa nthaka yomweyo, nkhokwe ikanakhala mamilimita 80, yokwana masiku 16. Mbewu imayamba kuvutika nkhokwe isanathe, koma kusiyana kwa minda iwiriyo kumakhalabe kanayi. Minda iwiri yogundana malire, yolandira mvula imodzi, ikhoza kusiyana motere.

Chachitatu ndi kutha kwa zowolerana m'nthaka. Mapesi akatenthedwa posaka mbewa kapena posa, nthaka imataya chakudya cha nyongolotsi ndi tizilombo tina timene timaboola timipata tolowera madzi. Madontho a mvula akamenya dothi la mbee amaliphwanya kukhala fumbi, fumbilo limatseka timipata, ndipo pamwamba pamauma chikhungu cholimba chimene mvula yotsatira imangotsetserekapo. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino limataya dothi pafupifupi matani 29 pa hekitala pa chaka. Dothi limene limapita ndi la pamwamba, lomwe ndi losunga chinyezi kwambiri.

Chachinayi chili kumtunda kwa munda. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, pamene wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Minda yakwera m'mapiri, nkhalango zapita ku makala ndi ku mauvuni a njerwa, ndipo madimba afika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Phiri lopanda mitengo limataya mvula yake tsiku lomwelo. Mtsinje umadzaza modzidzimutsa, umakwiririka ndi mchenga, kenako n'kuphwa mu Ogasiti pamene kale unkayenda mpaka mvula ina. Damu la Mpira ku Ntcheu, limene limapereka madzi a m'mipopi ku midzi ya Ntcheu ndi Balaka, linauma mu 2018. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inachepa kwambiri mu 2012 ndi 2018. Nyanjayi ndi yosaya ndipo moyo wake umadalira mitsinje yochokera m'mapiri a Zomba ndi Mulanje.

Chachisanu ndi kathiriridwe. M'masikimu ambiri ngalande zadothi zimamwa madzi asanafike m'munda, ndipo amene ali kumutu kwa ngalande amathirira mopitirira muyeso poopa kuti mawa madzi sadzabwera. A kumchira amagona m'munda kudikira madzi usiku, ndipo mikangano imayambira pomwepo.

Kuimitsa madzi: akalozera, vetiva ndi ngonyeka

Pa munda wotsetsereka ntchito yoyamba ndi kuyeza akalozera pogwiritsa ntchito A-felemu kapena chingwe cha levulo, kenako kuwongola mizere yonse kuti itsate akalozerawo. Mzere wopendekera kumunsi ndi ngalande yotayira madzi. Malo akamatsetsereka kwambiri, akalozera amayandikana. Pa kalozera pabzalidwe udzu wa vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15 kuti ukakula ugwirane osasiya mpata, chifukwa pa mpata ndi pamene madzi amasonkhana n'kuyamba chigwembe. Ntchitoyi iyambire kumtunda kwa munda kutsikira kumunsi. Akalozera omangidwa kumunsi kokha amagumuka ndi madzi ochokera kumtunda.

Ngonyeka ndi timizere todutsa m'khwawa la mizere, totalikana mamita 2 kapena 3, timene timasandutsa khwawalo kukhala timadamu. Zikhale zofupikirako kusiyana ndi mzere weniweni kuti madzi akachuluka adumphe ngonyeka n'kuyenda m'khwawa, osati kugumula mzere wa chimanga. Ngonyeka zimathandiza kwambiri m'madera a mvula yochepa ndi pa nthaka yolowa madzi msanga. Pa makande ndi m'malo a lowe zikhoza kuchititsa chimanga kuchita chikasu, choncho mvula ikachulukitsa mlimi azigumule.

Kulowetsa madzi: mayenje ndi kuswa nthaka yolimba

Pamene pansi palimba, kuimitsa madzi kokha sikukwanira. Mayenje obzalamo amakumbidwa m'chilimwe, akuya mopyola nthaka yolimbayo, n'kuthiramo manyowa owola bwino osakaniza ndi dothi la pamwamba. Dzenje lisakwiriridwe mpaka pakamwa. Patsale kampata kokodwa madzi. Mayenje amakhala pamalo omwewo chaka ndi chaka, ndiye thukuta lalikulu ndi la chaka choyamba. Banja lochepa manja liyambe ndi kachigawo kamodzi ka munda n'kumawonjezera chaka chilichonse. Kumpoto, makamaka mozungulira Mzuzu, bungwe la Tiyeni limaphunzitsa njira ina ya cholinga chomwecho: kuswa nthaka ndi piki mpaka masentimita 30, kenako kupanga mabedi otambalala otsata akalozera amene saponderezedwanso. Mbewu ya nandolo nayo imathandiza, chifukwa muzu wake umaboola pansi ndipo ukawola umasiya njira ya madzi ndi ya mizu ya chimanga.

Kusunga chinyezi: kuphimbira ndi mitengo ya chonde

Kuyambira cha m'ma 2005, bungwe la CIMMYT pamodzi ndi Total LandCare ndi alangizi a boma akhala akuyesa ulimi wa mleranthaka m'minda ya alimi ku Nkhotakota, Salima, Dowa, Balaka, Machinga ndi Zomba, kuyerekeza ndi mizere ya masiku onse pa munda umodzi, mbewu imodzi ndi feteleza wofanana. Zotsatira zake zakhala zikubwereza mfundo zitatu. Madzi amalowa msanga pa nthaka yosagalauza yophimbiridwa kusiyana ndi pa mizere ya mbee. Phindu pa zokolola silioneka kwenikweni chaka choyamba, limakula pakapita nyengo zingapo. Ndipo kusiyana kumaoneka bwino m'zaka za ng'amba ndi m'madera ouma.

Pali zinthu zimene mlangizi asabise pophunzitsa njirayi. Kusiya kugalauza popanda kuphimbira kumaipitsa zinthu, chifukwa nthaka imauma chikhungu ndipo madzi amathamanga kuposa pa mizere. Zophimbira zikwane gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka, kapena kuposa. Udzu umavuta m'zaka zoyamba, ndipo m'minda yoyeserayo ankauthana nawo ndi mankhwala komanso kuzulira pamanja. Mapesi akamawola amayamba abwereka nayitirojeni wa m'nthaka, choncho munda wophimbira umafunabe feteleza kapena manyowa, komanso kasinthasintha ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Kusamutsa mapesi a munda wonse kukaunjika pa kachigawo kamodzi ka chitsanzo kumakongoletsa kachigawoko n'kusiya kwina konse pambalambanda. Ndipo pamene mbuzi ndi ng'ombe zimangomasulidwa akamaliza kukolola, kapena moto wolusa umayenda mwachisawawa, nkhani ya mapesi iyambe yafika kwa mfumu ndi komiti ya chitukuko ya mudzi, chifukwa mlimi mmodzi sangaiteteze yekha.

Ku malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la ICRAF lakhala likuyesa kubzala chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia, imene imadulidwa kangapo pa chaka masamba ake n'kukwiriridwa m'nthaka. Minda imeneyi yaonetsa zowolerana zochuluka m'nthaka ndi zokolola zoposa za chimanga chopanda feteleza, zosagwa kwambiri m'zaka zovuta. Chinsinsi chake ndi kudulira pa nthawi yake; mtengo wosiyidwa kukula umaphimba chimanga n'kulimbirana nacho madzi. Msangu ndi wosiyana ndi mitengo ina chifukwa umayoyola masamba m'dzinja, nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa ndi madzi.

Mbewu ndi nthawi yobzala

Nyengo imene chimanga sichipirira ludzu ndi sabata ziwiri chisanamasule ngayaye ndi sabata ziwiri chitamasula. Madzi akasowa pamenepo ngayaye zimatuluka, koma ndevu zimachedwa, mungu n'kutha zisanatuluke, ndipo chisononkho chimakhala cha maso apatalipatali. Kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira, pamene chinyezi chalowa pansi ndithu, komanso kubzala mitundu iwiri yosiyana masiku okhwimira, kumathandiza kuti ng'amba imodzi isapeze munda wonse pa msinkhu umodzi. Mitundu yopirira chilala ilipo, monga ZM 309 ndi ZM 523 imene inatulutsidwa mu 2009, ndi mahayibulidi okhwima msanga monga SC 403. Mbewu zimenezi zimapirira ng'amba ya pakati pa nyengo, koma sizibereka popanda madzi. Ku chigwa cha Shire ndi madera ena otentha, gawo lina la munda lipatsidwe mapira monga Pilira 1 ndi Pilira 2, mchewere, khobwe, nandolo, chinangwa ndi mbatata. Udzu nawo umamwa madzi a mbewu, ndiye kupalira koyamba kusapitirire sabata zitatu chimanga chitamera. Ulosi wa mvula wa boma lililonse, umene nthambi yoona za nyengo imatulutsa dzinja lisanayambe, ufike kwa alimi asanagule mbewu.

Madzi a m'dimba ndi m'sikimu

Dimba la mamita 20 mulifupi ndi 50 mulitali, likamafuna mamilimita 5 pa tsiku mu Okutobala, limamwa malita 5,000, zomwe ndi ndowa 250 za malita 20 tsiku lililonse. Denga la malata la mamita 10 ndi mamita 5, pa mvula ya mamilimita 800, limagwira malita 40,000 pa chaka, ena n'kutayika m'njira. Madzi a denga lonselo angathe m'dimbalo pa sabata imodzi yokha. Thanki la padenga ndi lothandiza pakhomo, pa nazale ndi pa kadimba ka ndiwo ka kuseri kwa nyumba, koma nkhokwe yaikulu ndi yotsika mtengo ya madzi a ulimi ndi nthaka yeniyeniyo.

Akatswiri a ku Kasinthula ku Chikwawa, kumene kumachitika kafukufuku wa mthirira, anayesa pamodzi ndi alimi a m'masikimu kachipangizo kotchedwa Chameleon, kamene kamayatsa buluu nthaka ikanyowa kwambiri, girini ikakhala ndi chinyezi chokwanira, ndi kufiira ikauma. Alimi ambiri anaona kuti amathirira nthaka idakali yonyowa, ndipo madzi opitirirawo amatsitsa feteleza kupyola mizu. Atachepetsa maulendo othirira, zokolola sizinatsike, ntchito inachepa, ndipo madzi anayamba kufika kumchira kwa ngalande. Popanda kachipangizoka, mlimi akumbe pafupi ndi mizu n'kufumbata dothi: likagwirana osamwazika, kuthirira kudikire. Zina zothandiza ndi kusalaza mabeseni kuti madzi afike paliponse mofanana, kuphimbira mabedi, kuthirira m'mawa kapena madzulo, kumata ming'alu ya ngalande, ndi kubzala msanga mbewu za m'dimba kuti zikhwime mtsinje usanachepe. Gulu la ogwiritsa ntchito madzi ligwirizane kukula kwa malo othirira poona madzi a mu Okutobala, osati a mu Juni. Mapampu a sola afewetsa ntchito yotunga, koma sawonjezera madzi m'chitsime. Opatutsa mtsinje kapena kupopa madzi ochuluka amafunika chilolezo cha National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la za madzi la 2013.

Ntchito ya mudzi wonse

Chitsime cha m'dambo chimadzazidwa ndi madzi amene analowa pansi kuphiri miyezi ingapo yapitayo. Maswale okumbidwa motsata akalozera kumtunda kwa minda, machekidamu a miyala ndi zikhomo m'zigwembe, ndi nsungwi, bango kapena mitengo yachilengedwe monga mikuyu ndi katope m'mphepete mwa mitsinje, zonsezi zimachedwetsa madzi kuti apeze mpata wolowa. Kusamalira mitengo yophukira yokha pa zitsa kumabwezeretsa nkhalango msanga ndi motsika mtengo kusiyana ndi mbande za ku nazale, chifukwa mizu yake ilipo kale. Bulugamu asabzalidwe pa kasupe kapena m'dambo, poti amamwa madzi ambiri chaka chonse.

Zoyamba kuchita pa munda wachitsanzo

Palibe njira imodzi yokwanira minda yonse. Walira mvula walira matope: njira yosunga madzi pa mchenga wa ku Balaka ikhoza kumiza chimanga pa makande kapena m'madera a mvula yambiri monga Mulanje ndi Nkhata Bay, kumene chofunika kwambiri ndi kuteteza dothi ndi kutulutsa madzi mosamala. Mlangizi asanasankhire alimi njira, ayambe waona munda.

Mvula itangotha, dothi lidakali lofewa, akumbe dzenje lakuya masentimita 60 lodutsa mzere ndi khwawa lake, alimi akuona. Abaye khoma la dzenjelo ndi mpeni kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pamene mpeni wakanira ndi pamene pali nthaka yolimba, ndipo kuya kwake ndi kumene kunene kuya kwa mayenje. Azule phesi la chimanga, thonje kapena fodya, aone ngati mizu yapita pansi kapena yakhota. Atenge zitini ziwiri zofanana zobowola mbali zonse, akhomere chimodzi pa nthaka ya mbee, china pa nthaka imene yakhala yophimbira kapena pansi pa mtengo, athiremo madzi ofanana, alimi awerenge okha mphindi zimene madziwo atenge kuti alowe.

Munda wachitsanzo ukhale ndi zigawo ziwiri zogundana, za mbewu imodzi, zobzalidwa tsiku limodzi, za feteleza wofanana, zosiyana pa chinthu chimodzi chokha chimene chikuyesedwa. Pakhale choyezera mvula ndi kope lolembamo mvula ya tsiku lililonse ndi masiku amene yadula. Tsiku lachionetsero loyenera ndi la pakati pa ng'amba, masana, pamene kusiyana kwa zigawo ziwirizo kukuoneka pa masamba. Zokolola ziyezedwe pa sikelo, ndipo chiyeso chipitirire nyengo zitatu pa malo omwewo chisanaweruzidwe.

Ntchito zambiri mwa izi ndi za m'chilimwe. Mapesi amatetezedwa kuyambira mu Meyi, manyowa amapangidwa mu Juni ndi Julayi, akalozera, maswale ndi mayenje zimayenera kutha pofika Okutobala, ndipo vetiva amabzalidwa mvula ikakhazikika. Mlimi amene wayamba kuganiza za madzi chimanga chitapinda kale masamba mu Januwale amakhala atachedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi.